Pa Liwonde chuma chimangodutsa

Ambiri a ife tauni ya Liwonde timaidziwira pa windo la minibasi. Ukuchokera ku Zomba, watsika mapiri a Machinga, kutentha kwayamba kukumenya kumaso, kenako rodibuloko, mlatho, mavenda a chimanga chootcha ndi mazira owiritsa, kondakitala akukuwa za Mangochi kapena Balaka, basi mwadutsa. Wina akakufunsa kuti ku Liwonde unafikako, umayankha kuti eya, pamene zoona zake n'zakuti unangodutsako.

Musadziimbe mlandu. Kudutsa ndiyo mbiri ya malo amenewa. Kwa zaka zoposa 150, pafupifupi chuma chilichonse chachikulu cha dziko lino chakhala chikuwolokera pa Liwonde kapena pa Balaka: minyanga ya njovu, akapolo, sitima za pamadzi, madzi opangira magetsi, malasha, alendo odzaona nyama. Funso limene ndikufuna tilione limodzi ndi lakuti, pa zonse zadutsazi, chatsalira eni malo ndi chiyani?

Poyamba panali mtsinje

Nyanja ya Malawi ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira madzi, ndipo khomolo ndi mtsinje wa Shire. Umatuluka pa Mangochi, kulowa m'nyanja ya Malombe, kenako n'kutsetsereka mwaulesi pakati pa migwalangwa ndi milambe mpaka pa Liwonde. Kumunsi, kupitirira Matope, mtsinje umasintha khalidwe, umayamba mathithi. Choncho chigawo cha pakati pa Mangochi ndi Matope chinali msewu wachilengedwe wa mabwato, ndipo aliyense wochokera kum'mawa kupita kumadzulo ankayenera kupeza dooko. Amene wagwira dooko wagwira malonda.

Eni dera akale anali Amang'anja ndi Anyanja, alimi ndi asodzi. Cha m'ma 1850 ndi 1860 kunafika Ayao ochokera kum'mawa, ku Mozambique ya lero, akuthawa njala ndi nkhondo kwawoko. Gulu limene linakhazikika kuno ndi la Amachinga, ndipo dzina la boma la Machinga likukumbutsa iwowa. Achinyamata ambiri sadziwa kuti bomali kale linkatchedwa Kasupe. Mayina amene lero timawaona pa zikwangwani, Liwonde ndi Kawinga, anali mayina a mafumu amphamvu a nthawi imeneyo, ndipo maufumuwo alipo mpaka pano.

Mphamvu za mafumuwa zinkachokera ku malonda a kunyanja ya mchere. Minyanga ndi anthu ogwidwa ukapolo ankapita ku madoko monga Kilwa ndi Quelimane, ndipo kuchokera kumeneko kunkabwera nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Nkhaniyi si yolozerana zala. M'malonda oipawa munali Aswahili, Apwitikizi, mafumu a mitundu yosiyanasiyana, ndipo pakati pa ogulitsidwawo panalinso Ayao. Njira yomweyo ndi imene inabweretsa Chisilamu, chimene lero ndi moyo wa mabanja ambiri ku Machinga ndi ku Balaka. Koma pa nkhani ya chuma, taonani mmene zinkayendera: katundu wamtengo wapatali ankatuluka, phindu lalikulu linkapangidwa kutali, kuno n'kutsala nsalu zimene zinkatha ndi midzi yopanda anyamata.

Azungu, sitima ndi linga

David Livingstone anaona nyanja ya Chilwa mu Epulo 1859, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho anatsata Shire kukafika ku nyanja ya Malawi. Mu 1875 amishoni a ku Scotland, motsogozedwa ndi E. D. Young komanso ali ndi Robert Laws, ananyamulitsa zidutswa za sitima ya Ilala kulambalala mathithi, n'kuilumikiza kumtunda kwake. Sitimayo inadutsa pa Liwonde n'kukalowa m'nyanja mu Okutobala chaka chimenecho. Pambuyo pake sitima za kampani ya African Lakes, imene agogo athu ankaitchula kuti Mandala, zinayamba kuyenda njira yomweyo.

Angerezi atalengeza ulamuliro wawo mu 1891, sanachedwe kuona kuti amene akulamulira mtsinjewu ndi mafumu a Chiyao. Mu 1893 Harry Johnston anamenyana ndi anthu a mfumu Liwonde, ndipo pamalopo panamangidwa linga lotchedwa Fort Liwonde. Mu 1895 asilikali a boma latsopanolo, ena mwa iwo Asikh ochokera ku India, anagonjetsa Kawinga ku phiri la Chikala. Chaka chomwecho anagonjetsanso Jalasi ku mapiri a Mangochi. Mabuku a kusukulu amati nkhondozi zinali zothetsa ukapolo, ndipo n'zoona kuti malonda a akapolo anathera pamenepo. Komanso n'zoona kuti dooko linangosintha mwini. Amene kale ankapereka mtulo kwa mfumu tsopano anayamba kukhoma msonkho wa nyumba, ndipo kuti ndalama ya msonkho ipezeke, amuna anayamba kupita ku minda ya azungu ku Zomba ndi ku Blantyre, kenako ku Salisbury ndi ku Joni. Ulendo wa ku Joni umene achinyamata a ku Ntaja ndi ku Nselema akuyenda lero, ndi wakale kuposa agogo awo.

Mtsinje utauma, Balaka anadzuka

Pali chinthu chimene ambiri sakhulupirira ukawauza. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935, madzi a m'nyanja ya Malawi anatsika kwambiri moti Shire analeka kutulutsa madzi m'nyanjamo. Mchenga ndi udzu zinatseka njira, sitima zinaleka kuyenda. Liwonde, amene moyo wake unali mtsinje, anagona tulo.

Nthawi yomweyo njanji inali ikubwera. Inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mu 1935 inatalikitsidwa mpaka ku Salima kudzera pa Balaka. Tauni ya Balaka inakulira pa siteshoni imeneyi. Thonje la m'chigwa chotenthachi linapeza potulukira, amwenye anatsegula masitolo, msika unakula. Amishoni a Chikatolika a chipani cha Montfort anali atakhazikika kale ku Utale kuyambira 1908, kumene anadzatchuka ndi ntchito yosamalira odwala khate.

Matauni awiriwa ndi apachibale, atalikirana makilomita pafupifupi 30, ndipo mpaka 1998 anali m'boma limodzi la Machinga, Balaka asanapatsidwe boma lakelake. Wina anabadwa ndi mtsinje, wina ndi njanji. Onse awiri amadya za apaulendo.

Mpopi wa dziko lonse

Ufulu utabwera, boma la Kamuzu Banda linaika zinthu zitatu zazikulu pa Liwonde m'zaka zosakwana 10.

Choyamba ndi Kamuzu Barrage, mu 1965. Mlatho umene mumawolokapo uja uli ndi zitseko zimene zimatsegulidwa kapena kutsekedwa pofuna kuchepetsa kapena kuonjezera madzi opita kumunsi. Chifukwa chake ndi magetsi. Siteshoni ya Nkula inayamba kugwira ntchito mu 1966, kenako kunabwera Tedzani ndi Kapichira, ndipo zonsezi zimadalira madzi a Shire. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa ndi madzi amene adutsa pansi pa mlatho wa Liwonde. Mukukumbukira kuthimathima kwa magetsi kwa m'ma 2016 ndi 2017? Nyanja inali itatsika, ndipo akatswiri ankawerengera madzi pa zitseko zimenezi ngati mayi wowerengera ufa pa mwezi wa Febuluwale. Mu 2024 zinthu zinatembenuka: nyanja inadzaza mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, anthu n'kumapempha kuti zitseko zitsegulidwe kwambiri, pamene a kumunsi ku Chikwawa ndi ku Nsanje ankaopa kusefukira. Barajiyi inakonzedwanso m'zaka zapitazi ndi thandizo la World Bank, ndipo anaikapo zipangizo zotchingira namasupuni ndi zinyalala zina kuti zisakatseke makina a magetsi kumunsi.

Ndiye taganizani. Foni imene mukuwerengerapo nkhaniyi mwina mwaitchaja ndi madzi a pa Liwonde. Koma mukalowa m'midzi makilomita ochepa kuchokera pa mlathowo, mupeza nyumba zambiri zikuunikira tochi ndi kasola kakang'ono, ndipo matumba a makala ali ndandanda m'mbali mwa msewu wa ku Zomba. Mitengo ya m'mapiri a Machinga ikutha, dothi likukokolokera mumtsinje womwewo, n'kukadzaza madamu a magetsi. Wootcha makalayo si chitsiru ayi. Akuchita zimene dera lake laphunzira kwa zaka zambiri: gulitsa kwa wodutsa chilichonse chimene angagule lero.

Chachiwiri ndi njanji ya ku Nacala. Mu 1970 anatsegula njanji yochokera pa Nkaya m'boma la Balaka, kudutsa pa Liwonde, mpaka ku Nayuchi pa malire ndi Mozambique. Inali njira yaifupi yopita ku doko lakuya la Nacala, ndipo panali maloto akuti Liwonde adzakhala tauni ya mafakitale pamene msewu, njanji ndi mtsinje zikumana. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inadula maloto amenewo. M'zaka za m'ma 1980 njanjiyo inaleka kudalirika, katundu wa Malawi n'kumazungulira ku Durban pa mtengo wokwera, mpaka mtendere utabwera mu 1992. Pa nthawi yomweyo masitolo ambiri a m'matauni ang'onoang'ono anali atasintha manja, boma litalamula m'ma 1970 kuti amwenye azichita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha.

Njanjiyi inadzukanso chifukwa cha malasha. Kampani ya ku Brazil yotchedwa Vale inamanga njanji yatsopano kuchokera ku Moatize m'chigawo cha Tete, kudutsa m'Malawi mpaka pa Nkaya, n'kukonzanso yakale ija yopita ku Nayuchi. Ulendo wonse mpaka kudoko ndi makilomita oposa 900. Kenako Vale inagulitsa mgodi ndi njanjiyo kwa kampani ya Vulcan. Mukaima pa Liwonde sitima ya malasha ikudutsa, mabogi ake mumatopa nawo kuwerenga. Malasha a ku Mozambique, opita ku India ndi maiko ena, odutsa pakhomo pa munthu amene akuphikira nkhuni. Boma limalandirapo ndalama, anthu ena analembedwa ntchito, ndipo feteleza ndi katundu wina amabwera pa njanji yomweyo. Pa Liwonde pali fakitale yosakaniza feteleza. Sitima ya anthu yopita ku Nayuchi imathandizanso amayi a geni. Izi si zachabe. Koma doko la pamtunda limene lakhala likulonjezedwa pa Liwonde, anthu alimva m'malonjezo kwa zaka zambiri kuposa mmene aliona ndi maso.

Nyama zinabwerera, nanga anthu?

Chachitatu ndi paki. Liwonde National Park inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 548, mbali yaikulu ili kum'mawa kwa Shire. Malo amenewa sanali opanda anthu. Mabanja anasamutsidwa, anasiya minda, manda ndi madooko ophera nsomba. Pamene tikusangalala ndi zithunzi za njovu pa Instagram, tizikumbukira kuti pali nkhalamba zimene zimaloza mkati mwa mpanda n'kunena kuti kwathu kunali uko.

Pofika zaka za m'ma 2000 pakiyi inali pamavuto. Misampha ya waya inali paliponse, zipembere ndi njovu zinkaphedwa, mikango inali itatha. Njovu nazo zinkatuluka kukadya chimanga cha anthu, ndipo anthu ankafa. Mu 2015 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa pakiyi. Anamanga mpanda wa magetsi, anachotsa misampha masauzande ambirimbiri, anaphunzitsa alonda. Mu 2016 ndi 2017 njovu zoposa 500 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota. Mu 2017 anabweretsa ma cheetah, mu 2018 mikango, mu 2019 zipembere 17 zochokera ku South Africa, ndipo mu 2021 mimbulu. Mu 2018 nkhalango ya Mangochi inaphatikizidwa ku ntchito yomweyi. Mu 2022 njovu zina 263 zinapita ku Kasungu, kumene anthu a m'midzi yozungulira, kuphatikizapo a mbali ya Zambia, akhala akudandaula za minda yoonongeka ndi miyoyo yotayika. Njovu ndi yokongola ukaionera m'boti. Ikalowa m'munda mwako usiku ndi nkhani ina.

Kunena chilungamo, pa zinthu zonse zimene zaikidwa pa Liwonde, paki ndi imene yayesako kusiya kanthu. Pali ntchito za ulonda, za m'malo ogona alendo, za oyendetsa maboti. Pali alimi a tsabola ndi oweta njuchi m'midzi yozungulira, ndipo tsabolayo njovu sizimukonda. Ana a sukulu amalowetsedwa kukaona nyama. Komabe mlendo wambiri amatsika ndege ku Chileka kapena ku Lilongwe, galimoto n'kumutenga mpaka pa geti, kugona mkati, kudya mkati, n'kutuluka kupita kunyanja. Mu msika wa Liwonde sapondamo. Paja akuluakulu anati mlendo ndi mame. Ngati tauni ilibe chomuimitsa, mame aja amakamuka dzuwa lisanakwere.

Chimene chinapangidwa konkuno

Pali chuma chimodzi cha dera lino chimene sichinachite kudutsa, ndipo ndi nyimbo. Mu 1978 Paul Banda ndi anzake anayambitsa Alleluya Band pa parishi ya Katolika ya Balaka, ndipo wansembe wa ku Italy, bambo Mario Pacifici, anawathandiza kwambiri. Kuchokera pamenepo kunabadwa situdiyo, kunabadwa kaimbidwe kamene dziko lonse linkangoti ka ku Balaka. Mng'ono wake wa Paul, Lucius Banda, anatulutsa chimbale cha Son of a Poor Man nthawi imene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri, anayambitsa Zembani Band, anakhala phungu wa Nyumba ya Malamulo, ndipo pamene anamwalira pa 30 Juni 2024 dziko lonse linalira Soja. M'zaka za m'ma 1990, woimba wofuna kujambula ankakwera basi kupita ku Balaka, osati kuchoka ku Balaka. Pafupi pomwepo a Montfort anakhazikitsa makina osindikizira mabuku, magazini ya The Lamp, kenako Luntha TV.

Kusiyana kwake mukukuona? Minyanga, madzi ndi malasha zinkachoka zosaphika, phindu n'kukapsera kwina. Nyimbo zinkaphikidwa pompo: woimba, wojambula, wokopera makaseti, wogulitsa, onse anali a konkuno. Panalibe mgodi kapena mtsinje, panali anyamata, magitala ndi munthu wowakhulupirira.

Ndale zokha sizinakwanitse zimenezi. Machinga anatulutsa pulezidenti, Bakili Muluzi wa ku Kapoloma, amene analamulira kuyambira 1994 mpaka 2004. Misewu ina inamangidwa, Balaka anakhala boma. Koma kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma la Machinga ndi oposa 400,000 ku Balaka, ndipo ambiri mwa iwo akudalirabe khasu ndi mvula yosadalirika. Nyanja ya Chilwa, imene imadyetsa mabanja ambiri ndi matemba ndi mpunga, inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inaphweranso kwambiri mu 2018. Ikauma, msika wa Ntaja ndi wa Liwonde umamva.

Tsopano kukubwera china. Pa phiri la Kangankunde m'boma la Balaka pali miyala ya rare earth, yofunika popanga maginito a galimoto zamagetsi ndi makina ena amakono, ndipo kampani ya ku Australia ya Lindian Resources ikukonza mgodi pamenepo. Njanji ili pafupi, doko la Nacala likudikira. Mbiri imene tayendamoyi ikutipatsa mafunso oti tifunse msanga, mabogi asanayambe kudzaza: miyalayi idzayengedwa kuti? Ana a ku Balaka adzakhala mainjiniya kapena alonda a pa geti? Ndalama zopita ku boma, gawo la dera lino ndi lotani, ndipo ndani adzaliwerengera? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Ulendo wina mudzatsike

Ife owerenga pa foni tilibe mphamvu pa mgodi kapena njanji, koma tili ndi mapazi ndi kandalama kochepa. Mukadzadutsanso pa Liwonde, dzatsikeni. Imani pafupi ndi baraji madzulo muone mvuu zikutulutsa mphuno, koma m'madzimo musayerekeze kulowa, ng'ona za pamenepa sizicheza. Kwerani boti lokwera mtsinje. Lowani mu paki. Mmalawi amalipira ndalama yochepa kuposa mlendo wakunja, ndipo mukasonkherana anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi za galimoto, ulendowo ndi wotheka. Nthawi yabwino ndi ya chilimwe, pamene nyama zimasonkhana kumtsinje, kungoti konzekerani kutentha kwa Okutobala. Idyani nsima ya chambo kapena mlamba m'tauni, gulani mpunga ndi matemba mu msika, gonani pa malo a munthu wa konko. Yang'anani kum'mawa muone Chikala, mudziwe kuti phiri limenelo linali likulu la mfumu imene inalimbana ndi Angerezi. Mukafika ku Balaka, funsani kumene Alleluya Band inayambira.

Ndipo inu a konkuno, a ku Liwonde, ku Ulongwe, ku Ntaja, ku Utale: nkhalamba zimene zinaona baraji ikumangidwa, zimene zinasamutsidwa mu paki, zimene zinakwera sitima yoyamba ya ku Nayuchi, zikadalipo koma zikutha. Foni muli nayo m'manja. Khalani nawo pansi agogo, muwafunse, mujambule mawu awo. Mbiri ya dera lino yambiri inalembedwa ndi anthu odutsa, m'Chingerezi, ndipo ili m'mabuku a ku Zomba ndi ku London. Ya m'Chiyao ndi m'Chichewa ikudikira inu.